Kujambula Mwezi ndi Kuchotsa Mikombero ya Mitundu: Mafunso ndi Mayankho

Anthu ambiri amene amaloza kamera kumwamba usiku wa mwezi wathunthu amapeza kadontho koyera mbee, kopanda maenje kapena mawanga. Nthawi zina kadonthoko kamakhala ndi kamzere ka pepo, kobiriwira kapena ka buluu m'mphepete, komwe maso sanakaone n'komwe. Mavuto awiriwa ali ndi magwero odziwika, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yowathetsa imachitika musanadine batani.

N'chifukwa chiyani mwezi umangotuluka ngati kadontho koyera?

Kamera ikasiyidwa kuti idzisankhire, imayeza kuwala kwa chithunzi chonse. Imaona thambo lakuda bii n'kuganiza kuti pali mdima wofunika kuwalitsa, ndiye imachedwa kutseka shutter ndi kukweza ISO. Mwezi, womwe wangotenga kamalo kochepa, umalandira kuwala kopyola muyeso ndipo zonse za pamwamba pake zimafufutika. Chimene kamerayo sikudziwa n'chakuti mbali ya mwezi imene tikuyang'anayo ili masana, dzuwa likuiwomba popanda mtambo uliwonse. Nthaka yakenso si yoyera monga timaganizira. Imabweza pafupifupi 12 peresenti yokha ya kuwala kumene yalandira, mofanana ndi msewu wakale wa phula. Choncho pojambula mwezi, ikani kamera monga mungaikire pojambula msewu wotero dzuwa lili paliwombo, ngakhale inuyo muli mumdima.

Ndiye ndiike manambala otani?

Ojambula ali ndi lamulo loyambira lotchedwa Looney 11: aperture ikhale f/11, ndipo liwiro la shutter litsatire nambala ya ISO. Pa ISO 100, shutter ikhale 1/100 kapena 1/125 ya sekondi. Mukatsegula lenzi kufika f/8, thamangitsani shutter kufika 1/200 kapena 1/250. Manambalawa ndi a mwezi wathunthu womwe wakwera bwino. Mwezi watheka umafuna kuwala kowirikiza kawiri mpaka kanayi, ndipo kamwezi kongooneka kumene kamafuna koposa apo. Jambulani chithunzi chimodzi, chikulitseni pagalasi la kamera, ndipo ngati mbali zowala zayera mpaka kusowa mawanga, thamangitsaninso shutter. Focus muziika ndi dzanja mukuyang'ana m'mphepete mwa maenje, chifukwa malenzi ambiri amapitirira chizindikiro cha ∞ mukapotoza mpaka pothera. Ikani kamera pa tripod ndi kutchera timer ya masekondi 2 kuti kudina batani kusaigwedeze. Mwezi sukhala malo amodzi: chifukwa cha kuzungulira kwa dziko, umasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake m'mphindi 2 zokha, choncho shutter yochedwa imaupaka. Pafoni, gwirani chala pamwezi mpaka focus ikhazikike, kenaka tsitsani kachizindikiro ka kuwala mpaka mawanga aoneke.

Kodi foni ndi yokwanira, kapena ndikufunika lenzi yaitali?

Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,400, ndipo pathambo umangotenga theka la digiri imodzi. Mukatambasula mkono, nsonga ya chala chaching'ono imauphimba wonse. Pali masamu achidule othandiza: gawani kutalika kwa lenzi ndi 110, mupeza kukula kwa mwezi pa sensa m'mamilimita. Lenzi ya 50mm imapereka mwezi wosakwana theka la milimita, ya 300mm mamilimita 2.7, ndipo ya 600mm mamilimita 5.5. Pa kamera wamba ya APS-C ya mamegapikiselo 24, lenzi ya 300mm imakupatsani mwezi wa mapikiselo pafupifupi 700 mulifupi, womwe ndi wokwanira kuona maenje aakulu mukadula thambo lozungulira. Kamera yaikulu ya foni imaona malo ambiri nthawi imodzi, choncho mwezi umagwera pa mapikiselo makumi ochepa chabe, ndipo kuukulitsa ndi zala kumangofufumitsa mapikiselo omwewo. Njira yotsika mtengo ndi kumangirira binoculars pa chinthu cholimba n'kuika kamera ya foni pamalo poyang'anira diso.

Nanga zithunzi zokongola za mwezi zomwe mafoni ena amatulutsa, ndi zenizeni?

Mbali ina inde, mbali ina ayi. Mu Malichi 2023 munthu wina anatenga chithunzi cha mwezi, nachifufuta dala kuti chisaoneke bwino, nachiika pakompyuta m'chipinda chamdima, kenaka anachijambula ndi foni ya Samsung Galaxy S23 Ultra. Foniyo inatulutsa mwezi wokhala ndi maenje omwe pachithunzi chofufutidwacho panalibe. Kampani ya Samsung inafotokoza kuti pulogalamu yake ya Scene Optimizer ikazindikira mwezi, imaphatikiza zithunzi zingapo n'kugwiritsa ntchito AI yophunzitsidwa ndi zithunzi za mwezi kuti ionjezere kuoneka bwino, ndipo kuti munthu angathe kuizimitsa. Izi zimatheka chifukwa mwezi umationetsa nkhope imodzimodzi nthawi zonse, choncho makina amadziwa kale zimene ziyenera kukhalapo. Ngati mukufuna chithunzi cha zimene lenzi yanu yaona usiku umenewo, zimitsani pulogalamuyo kapena jambulani pa gawo la kamera ya foniyo lotchedwa Pro.

Kodi mwezi wathunthu si ndiye wabwino kwambiri kujambula?

Ayi. Mwezi ukakhala wathunthu, dzuwa limauwomba kuchokera kumbuyo kwathu, mithunzi imasowa, ndipo mapiri ndi maenje zimaoneka zosalala. Chithunzi chokoma chimapezeka pamzere wolekanitsa mbali yowala ndi yamdima, pamene dzuwa likutuluka kapena kulowa pamwezipo ndipo phiri lililonse likuponya mthunzi wautali. Yesani masiku apakati pa 5 ndi 10 kuchokera pamene mwezi waoneka. Chakumapeto kwa masiku amenewa mzerewo umafika pa dzenje la Copernicus, lotambalala makilomita 93, ndipo makoma ake amaoneka bwino lomwe. Mwezi wathunthu uli ndi chake: mizere yoyera yofalikira kuchokera pa dzenje la Tycho, la makilomita 85, imaoneka bwino nthawi imeneyo. Musadabwe ngati chithunzi chanu chapendekeka kapena kuzondoka poyerekeza ndi mapu a m'mabuku a ku Ulaya, chifukwa ife tili kum'mwera kwa equator. Nyengo nayonso ndi nkhani. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimadetsa thambo. Usiku wopanda mitambo wa Meyi kapena Juni, kapena usiku umene mvula yangokata kumene, mpweya umakhala woyera kwambiri.

Mwezi ukamatuluka umaoneka waukulu kwambiri. Bwanji osaujambula nthawi imeneyo?

Kukulako kuli m'maso ndi m'mutu mwathu basi. Jambulani mwezi ukutuluka, jambulaninso ndi lenzi yomweyo utakwera, mupeza kuti mulifupi mwake simunasinthe. Kusintha kwenikweni kumabwera ndi mtunda: mwezi wathunthu womwe wayandikira dziko kwambiri umakula ndi pafupifupi 14 peresenti ndi kuwala ndi 30 peresenti kuposa womwe uli kutali kwambiri. Vuto la mwezi wotsika ndi mpweya. Kuwala kwake kumadutsa mpweya wochuluka pafupifupi kuwirikiza 38 poyerekeza ndi pamene uli pamutu, choncho umafiira, umaphwatalala pang'ono ndipo m'mphepete mwake mumanjenjemera. Komabe ngati cholinga chanu ndi mwezi pamodzi ndi malo, monga ukutuluka pa Nyanja ya Malawi mutaima ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay, imeneyo ndiye nthawi yake. Sankhani tsiku loti mawa lake mwezi ukhala wathunthu, chifukwa umatuluka kusanade ndipo kamera imatha kugwira mwezi ndi malo pamodzi. Kuti uoneke waukulu pafupi ndi mtengo wa mlambe kapena bwato, imani kutali ndi chinthucho n'kugwiritsa ntchito lenzi yaitali.

Kodi mkombero wa pepo kapena wobiriwira m'mphepete mwa mwezi umachokera kuti?

Kuwala koyera ndi mitundu yonse ya utawaleza itasakanikirana. Kukalowa m'galasi kumakhota, koma mitunduyo sikhota mofanana: buluu amakhota kwambiri, wobiriwira pakatikati, wofiira pang'ono. Ntchito ya lenzi ndi kusonkhanitsa kuwala pamalo amodzi, koma chifukwa cha kusiyanaku, mtundu uliwonse umafuna kukasonkhana pamalo pakepake. Zotsatira zake n'zakuti sensa imalandira zithunzi zitatu za mwezi, chofiira, chobiriwira ndi cha buluu, zomwe sizinagwirizane ndendende. Pakati pa mwezi kusiyanako kumabisika, koma m'mphepete, pamene kuwala kwakukulu kwakumana ndi thambo lakuda, mtundu womwe wasefukira umaonekera poyera. M'mabuku ndi m'mapulogalamu vutoli limalembedwa kuti chromatic aberration. Si la makamera amakono okha. Isaac Newton anaona mmene galasi limagawira kuwala cha m'ma 1666, ndipo poganiza kuti lenzi singachiritsidwe ku vutoli, mu 1668 anapanga telesikopu yogwiritsa ntchito kalilole m'malo mwa lenzi.

Kodi mikombero yonse ndi yofanana?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amatayira nthawi, chifukwa mankhwala a mkombero wina sagwira pa wina. Kulitsani chithunzi kufika 200 peresenti ndi kuyang'ana mozungulira mwezi wonse. Mkombero woyamba umabwera pamene lenzi yapanga zithunzi zitatu zija zosiyana kukula. Mumauzindikira chifukwa umakula mwezi ukakhala chakumakona a chithunzi: mbali yoyang'ana kukona imakhala yofiira, yoyang'ana pakati imakhala ya buluu wobiriwira, kapena mbali ina buluu ina chikasu. Mwezi ukakhala pakati, umachepa kwambiri. Wachiwiri umabwera pamene mitunduyo yasiyana pofikira focus. Umenewu umazungulira mwezi wonse ndi mtundu umodzi, ngakhale pakati penipeni pa chithunzi, ndipo mukapotoza focus pang'ono umasintha kuchoka pa pepo kupita pa wobiriwira. Wachitatu suchokera mu lenzi ayi, koma mu mpweya wa dziko lathu, womwe nawonso umakhotetsa mitundu mosiyana. Chizindikiro chake n'chosasokoneza: buluu kumtunda kwa mwezi, wofiira kapena wa lalanje kumunsi. Mukatembenuza kamera cham'mbali, mitunduyo imatsatirabe kumwamba ndi pansi kwa thambo, osati kwa chithunzi, ndipo mwezi ukamakwera imazilala. Pamwamba pa zonsezi, kuwala kopyola muyeso kumakulitsa mkombero uliwonse. Kamzere komwe kakanakhala kosaoneka kamasanduka lamba wa pepo ngati mwezi wayera mopitirira.

Ndingaupewe bwanji pa nthawi yojambula?

Mkombero uliwonse uli ndi njira yake. Ikani mwezi pakati pa chithunzi, mudzadula pambuyo pake mmene mukufunira. Izi zimachepetsa woyamba uja, umene sumva kanthu ngakhale mutseke aperture. Wachiwiri umamvera aperture ndi focus: lenzi ya f/5.6 ikatsekedwa kufika f/8 kapena f/11, mkomberowo umachepa kwambiri, koma musapitirire f/16 chifukwa kumeneko chithunzi chonse chimayamba kufewa. Poika focus, mkomberowo ungakuthandizeni: malo oyenera ali pakati, pamene pepo watha koma wobiriwira sanayambe. Wachitatu umafuna kudikira. Mwezi ukafika madigiri 30, mpweya umene kuwala kukudutsa umangowirikiza kawiri wa pamutu, ndipo ukapitirira madigiri 45 mkombero wa mpweya umasowa pa malenzi ambiri wamba. Chotsaninso galasi lililonse losafunika pakati pa inu ndi mwezi: zenera la nyumba, filter yotchipa ya kutsogolo kwa lenzi, ndi teleconverter yotchipa, imene imakulitsa mwezi pamodzi ndi zolakwika za lenzi. Ngati mukujambula ndi foni kudzera mu binoculars, kamera ya foni ikhale pakati penipeni pa galasi ndipo isapendekeke, apo ayi mbali ina ya mwezi itenga buluu ina chikasu. Pomaliza, jambulani RAW ngati kamera ikulola. Fayilo ya RAW imasunga zimene sensa yalandira zisanakonzedwe, choncho pulogalamu imatha kulunzanitsa mitunduyo bwino kuposa pa JPEG.

Nanga ndingauchotse bwanji pachithunzi chimene ndajambula kale?

Yambani ndi kuchotsa mkombero musanawonjezere sharpening kapena saturation, chifukwa ziwirizi zimaukulitsa. Mu Lightroom, pitani pa Lens Corrections, kapena pa Optics ngati muli pafoni, n'kuchonga Remove Chromatic Aberration. Pulogalamuyo imakulitsa kapena kuchepetsa pang'ono chithunzi chofiira ndi cha buluu kuti zigwirizane ndi chobiriwira, ndipo mkombero woyamba uja umatha nthawi yomweyo. Ngati patsala wa pepo wozungulira mwezi wonse, pakompyuta pitani pa Defringe. Tengani kachida kosankhira mtundu, dinani pamkombero penipeni, kenaka kwezani Purple Amount pang'onopang'ono mukuyang'ana chithunzi chokulitsidwa. Imani mtundu ukangotha, chifukwa mukapitirira pamatsala kamzere kotuwa kooneka ngati wajambula ndi pensulo. Mapulogalamu aulere amachitanso chimodzimodzi: RawTherapee ili ndi Chromatic Aberration Correction ndi Defringe, ndipo darktable ili ndi lens correction komanso chromatic aberrations. Mkombero wa mpweya sumvera zida zimenezi bwinobwino, chifukwa zithunzi zitatu zija sizinasiyane kukula koma zangosunthana. Mu GIMP, yomwenso ndi yaulere, pitani pa Colors, Components, Decompose kuti chithunzi chigawike m'magawo atatu. Siyani gawo lobiriwira pamalo pake. Sankhani la buluu, pitani pa Layer, Transform, Offset, n'kulitsitsa ndi pikiselo imodzi kapena ziwiri; lofiira likwezeni chimodzimodzi. Kenaka dinani Recompose n'kuona ngati m'mphepete mwayera, ndipo ngati simunayere, bwerezani ndi nambala ina. Mapulogalamu a zithunzi za zakuthambo monga AutoStakkert ndi RegiStax ali ndi RGB Align, imene imachita ntchito yomweyi yokha.

Bwanji osangosandutsa chithunzicho kukhala chakuda ndi choyera?

Nthawi zambiri imeneyi ndi njira yabwino, chifukwa mwezi womwe wakwera umaoneka wotuwa ndipo palibe amene angadandaule. Pafoni, pulogalamu ngati Snapseed imachita izi m'kanthawi kochepa. Koma kuchotsa mtundu sikuchotsa kusagwirizana kwa zithunzi zitatu zija. Mkombero umangosanduka wotuwa, ndipo m'mphepete mwa mwezi mumakhalabe mofewa. Njira yanzeru ndi kugawa chithunzi monga tafotokozera pamwambapa n'kusunga gawo limodzi lokha. Kawirikawiri lobiriwira ndi limene limaoneka bwino kwambiri, chifukwa theka la mapikiselo a pa sensa wamba ndi obiriwira ndipo focus imakhazikika pa mtundu umenewu. Usiku umene mpweya ukunjenjemera, yang'ananinso gawo lofiira, chifukwa kuwala kofiira sikusokonezeka kwambiri ndi mpweya. La buluu ndi limene limakhala losaoneka bwino kuposa onse.

Kodi lenzi yodula imathetseratu vutoli?

Imalichepetsa kwambiri, koma sithetsa lonse. Newton sanalondole poganiza kuti lenzi singakonzedwe. Cha m'ma 1733, Chester Moore Hall wa ku England anaphatikiza magalasi awiri osiyana, crown ndi flint, kuti kulakwa kwa lina kubwezedwe ndi linzake, ndipo John Dollond analembetsa luso lotere mu 1758. Lenzi yotero imasonkhanitsa mitundu iwiri pamalo amodzi, koma pamatsalabe kamkombero ka pepo. Malenzi olembedwa APO amakonza mitundu itatu, ndipo zilembo ngati ED pa malenzi a Nikon kapena UD pa a Canon zimasonyeza galasi losagawa mitundu kwambiri. Canon inayamba kugulitsa lenzi ya kamera yokhala ndi fluorite wopangidwa m'fakitale mu 1969. Matelesikopu a kalilole alibe vutoli pagwero pake, chifukwa kuwala kumangogunda n'kubwerera, mitundu yonse mofanana. Komabe palibe lenzi kapena telesikopu, ngakhale yodula chotani, imene ingaletse mpweya kugawa mitundu mwezi uli wotsika. Musanagule chatsopano, yesani lenzi imene muli nayo pa f/8, mwezi uli pakati ndipo wakwera bwino. Ambiri amapeza kuti chotsalacho chimachoka ndi kudina kamodzi.

Kodi mtundu uliwonse umene ukuoneka pamwezi ndi wofunika kuchotsa?

Ayi, mitundu ina ndi yeniyeni. Mukakweza saturation pachithunzi chojambulidwa bwino, chigwa cha Mare Tranquillitatis, kumene a Apollo 11 anatera mu Julaye 1969, chimaoneka chabuluu chifukwa miyala yake ili ndi titanium wambiri, pamene Mare Serenitatis, choyandikana nacho, chimaoneka chofiirira. Bwalo lalikulu la kuwala limene nthawi zina limazungulira mwezi patali madigiri 22, lofiirira pang'ono mkati mwake, limapangidwa ndi timadzi toundana m'mitambo ya m'mwamba kwambiri. Pa kadamsana wa mwezi, monga wa pa 27 Julaye 2018 ndi wa pa 7 Seputembala 2025 amene anaoneka kuno, kufiira kwa mwezi ndi kuwala kwa dzuwa komwe kwadutsa mu mpweya wa dziko n'kukhotera mumthunzi. M'malire mwa mthunziwo mumatha kuoneka lamba wa buluu, wobwera chifukwa ozone imameza kuwala kofiira. Nthawi yotere lamulo la Looney 11 siligwira ntchito: yambirani pa ISO 800 kapena 1600, f/5.6 ndi shutter ya theka la sekondi, ndipo samalani ndi Defringe kuti isadye mitundu imeneyi. Posiyanitsa, funsani mafunso awiri. Kodi mtunduwo ndi kamzere kopyapyala kongokhala m'mphepete mwa mwezi ndi mwa maenje owala? Kodi ukusintha mukasintha focus, malo a mwezi pachithunzi, kapena mwezi ukakwera? Ngati yankho ndi inde, umenewo ndi wa lenzi kapena wa mpweya, uchotseni. Ngati wafalikira pamwamba pa mwezi ndipo ukukhala pamalo omwewo pazithunzi zonse za usikuwo, usiyeni.